Fungo la M'manja mwa Matias

Matias sankaopa njoka kapena ng'ona monga ankaopera dothi la kudambo. Iye anakulira ku Zambia, kumene makolo ake anathawira nkhondo, ndipo pobwerera kwawo ku Chiputo anapeza munda wa bambo ake uli chikhalire, wachonde ndithu, koma palibe ankayerekeza kupondamo. Anthu ankati muli mina, mabomba okwirira aja. Zaka zitapita ambiri anayamba kunena kuti ndi nthano chabe, mpaka ng'ombe ya munthu wina inalowamo n'kuduka mwendo. Ndiye kunabwera gulu la ochotsa mabomba, ndi galu wawo wotchedwa Faísca, ndi Cláudio womugwira galuyo.

Gululo linamulemba Matias ntchito yokumba maenje. Kuseri kwa msasa wawo kunali bwalo lophunzitsira galu, ndipo iye ndiye ankakwiriramo zophunzitsirazo: mabomba ochotsedwa choyatsira, osaphulikanso, ndi tizitini tokhala ndi kachidutswa ka onga. Galu akamva fungo la ongawo ankakhala pansi, maso pamalopo, Cláudio n'kumuponyera mpira wake. Lamulo linali limodzi, ndipo Cláudio ankalibwereza m'mawa uliwonse, akumutchula Matias kuti tiyu, kutanthauza amalume.

"Tiyu Matias, magolovesi musavule. Galu asamve inuyo, amve mina basi."

"Ndamva, shefi," Matias ankamuyankha bwana wakeyo.

Kumva anamva. Koma dzuwa la Okutobala m'boma lawo la Maravia silicheza, ndipo m'magolovesi amphira manja amanyowa ngati wawaviika m'madzi otentha. Komanso munthu amene wagwira dothi kuyambira ali mwana, lero ukamuuze kuti aligwire ndi mphira? Cláudio akangotembenuka, Matias ankavula, n'kutsina kafodya kake ka m'mphuno, n'kukwirira bwinobwino ndi manja ake, kusalaza pamwamba kuti pasaoneke. Ankachita kunyadira kuti amakwirira mwaukhondo.

Faísca anasanduka katswiri. Sankaphonya dzenje ngakhale limodzi, moti Cláudio ankayenda chifuwa patsogolo ngati galuyo anabereka ndi iye. Popeza mvula inali pafupi ndipo anthu ankafuna kulima, anapita naye kudambo. Galu anayenda munda wonse wa bambo ake a Matias, mzere ndi mzere, osakhala pansi paliponse. Zikhomo zofiira zochenjeza anthu zinazulidwa. Ivânia, mkazi wa Matias, amene kwa zaka anali kukanda pamiyala kumtunda, anaimba nyimbo ya kutchalitchi njira yonse yobwerera kunyumba. M'mawa mwake anasiya mwana wawo Patrício kusukulu, khasu paphewa, ulendo wa kudambo.

Matias anali kumsasa, akunola chikwanje. Cláudio ankadutsa ndi galu kuseri kwa khitchini pamene Faísca anakoka chingwe, mphuno pansi, n'kukhala.

Wophika anaima chigwirire chikho. Pamenepo anthu ankadutsapo tsiku ndi tsiku, ndipo aliyense anayamba kukumbukira kangati anapondapo. Cláudio anaitanitsa makina ofufuzira zitsulo, koma makinawo sanalire. Anagwada, n'kuyamba kupala dothi pang'onopang'ono, thukuta lili chuchuchu, mpaka anatulutsa nthanga za maungu.

Nthangazo anabzala ndi Matias dzulo lake, poona kuti madzi otsukira mbale akungotayika.

Galu anasuntha pang'ono, n'kukhalanso pa phando lachiwiri. Kenaka lachitatu. Atatha mapando, anakweza mutu, anabwera molunjika kwa Matias, n'kukhala pamapazi pake, maso pa manja ake, mchira ukusesa fumbi, kudikira mpira.

Wophika anaphulika nacho chiseko. "Ee, a Matias, kani mina ndinu!"

Cláudio sanaseke.

"Tiyu, zophunzitsira zija munkakwirira ndi chiyani?"

Matias anayang'ana manja ake. Bodza linafika pakhosi, koma galu anali chikhalire pomwepo, ndipo galu simungamutsutse.

"Kunkatentha, shefi."

"Kuyambira liti?"

"Kuyambira pachiyambi."

Cláudio anagwira mutu. Analankhula motsitsa, ngati akudziuza yekha. "Ndiye kuti galuyu sankasaka onga. Ankasaka inu ndi fodya wanu. Kudambo sanakhale pansi chifukwa inu simunagwireko dothi. Munda uja sitikuudziwa, tiyu. Sitikuudziwa ngakhale pang'ono."

Zimene ananena pambuyo pake Matias sanazimve bwino. Anangomva kuti asalowe m'mundamo, adikire makina, koma apo n'kuti atalumphira kale panjinga. Anapalasa ngati wamisala, makutu ali tcheru, akudikira phokoso limene ankalidziwa kuyambira tsiku la ng'ombe ija. Mwala ukagunda tcheni, mtima unkadumpha. Anayesa kupemphera, koma mawu a Atate Wathu anamuthawa, anangotsala ndi "chonde, chonde" basi. Mantha otere anali asanawamvepo chibadwire.

Ivânia anali pakati penipeni pa munda. Mkazi uja sankadziwa kuyamba m'mphepete ngati anzake. Iye ankayamba pamene dothi ladetsetsa. Anali atagalauza kale kadera ndithu, ndipo khasu linali m'mwamba pamene Matias anagwetsa njinga.

"Mayi a Patrício! Imani pomwepo!"

Iye anatsitsa khasu, n'kutembenuka akuseka. "Mwathawa ntchito kuti mudzandithandize? Bwerani, muone dothi lake!"

"Musasunthe phazi! Khasulo musaligwetse pansi!"

Kuseka kunatha. Ivânia nayenso anakulira kothawa nkhondo, pakati pa anthu oyendera ndodo, moti sanafunikire kuuzidwa kawiri. Anakumbatira khasu pachifuwa ngati mwana.

"Si paja galu anati muli bwino?"

"Galu sanalakwe. Ndine."

"Inu bwanji?"

"Ndikuuzani mukatuluka. A shefi akubwera ndi makina. Mungoima."

Makinawo Matias ankawadziwa mayendedwe ake: kuchoka m'mphepete kukafika pamene panali Ivânia, dzuwa likanapendeka. Ndipo mkaziyo anaima moipa, phazi limodzi pa chibuma, lina m'kadzenje.

"Bambo a Patrício, mwendo wanga ukuchita dzanzi."

"Limbani mtima."

"Ndinadzera pati kodi? Sindikukumbuka."

Mapazi ake ankaoneka ndithu pa fumbi, apa ndi apo, koma pena ankasowa mu udzu wouma, n'kudzaonekanso patsogolo, chakumanzere. Matias anavula nkhwaira zake. Anaganiza kuti akaponda momwe anaponda mkazi wake akhoza kumufika, amugwire, atsamire pa iye mpaka makina abwere. Mwa udzumo akangoyerekeza. Anakweza phazi, n'kuliika pa chidindo choyamba, ndipo dothi linali lotentha, lofewa, ngati dothi lina lililonse.

"Mukutani?" Ivânia anakuwa.

"Ndikubwera."

"Musabwere!"

"Mugwa, mayi."

"Ndati musabwere! Tikapita tonse, Patrício akatuluka kusukulu apeza ndani pakhomo?"

Matias anaima, phazi limodzi m'munda, lina kunja. Sanathe kupita patsogolo, ndipo kubwerera kunamukanika. Mphepo inawomba kuchokera kuphiri, yonunkha chinyezi. Dontho loyamba linagwa pa dzanja lake, lalikulu, lofunda. Anthu onse a ku Chiputo anali akuipempherera mvula imeneyi, iyenso pamodzi nawo. Anangoyang'ana madontho akugwa pa fumbi, akufufuta mapazi a mkazi wake limodzi ndi limodzi.