Denga la Telesikopu

Anthu akamva kuti timaona nyenyezi amaganiza kuti timagona paphiri. Bodza! Timakhala muofesi yotentha ngati uvuni, dzuwa likuswa mtengo. Telesikopu yathu ili paphiri lina kutsidya kwa nyanja, kumene nthawi imeneyo kumakhala mdima. Ife kwathu n'kudina mabatani basi.

Denga la nyumba ya telesikopuyo linali ndi matenda. Kukazizira limakana kutseguka. Tonse timatukwana, kupatula mnzathu wachikulire amene timamutcha Amayi, amene ndimakhala nawo tebulo limodzi. Iwo amangokonza magalasi awo n'kusendera pafupi ndi kompyuta.

Makaniko wa kuphiriko anali mwana wawo. Anakangana pamaliro a bambo ake, mnyamatayo n'kupempha mabwana kuti amutumize kutaliko. Foni ya mayi ake salandira. Koma denga likakana, amalowa ndi tochi ndi chitini cha girizi, ndipo kamera ya mkatimo imamuonetsa.

"Waonda," amatero Amayi. "Taona khosi."

"Ndi jekete lalikulu chabe, Amayi."

"Iwe unaberekapo?"

 Amayi amamuona msana wokha, nthawi zina khutu. Kamerayo ankaidziwa bwino mnyamata uja, ndipo sanatembenukepo. Zimandipweteka mtima, ine wosabereka yemwe.

Tsiku lina bwana analowa akumwetulira mpaka mano a m'mbali.

"Anzanga, mavuto atha! Makaniko wathu wachotsa mota yakale ya denga lija, waika yatsopano. Mwana wanu ndi katswiri, Amayi. Akuti zaka zambiri zidzapita osalowamonso munthu."

Tinaomba m'manja. Amayi nawonso anaomba.

Nyengo yozizira itafika kuphiriko, Amayi anayamba kubwera molawirira. Amayang'ana kuzizira kwa kumeneko asanaike n'chikwama chomwe pansi. Tsiku lina kunazizira koopsa, kuposa masiku onse.

"Lero likana," anandinong'oneza. "Chitsulo n'chitsulo."

Anadina batani. Denga lija linatseguka myaa, popanda n'kulira komwe. Nyenyezi zinadzaza pakompyuta yanga, mbee, zokongola zoti sindinazionepo.

"Amayi, taonani izi!"

Sanacheuke. Maso awo anali pakamera ya mkati ija. Pansi panali posesa bwino. Makwerero anali atachotsedwa, chitini cha girizi chija palibenso.

"Ntchito amaigwira ngati bambo ake," anatero. "Akakonza chinthu sabwererakonso."

Anatseka dengalo n'kulitsegulanso. Linamvera.