Kamtsetse ka Sabin

Horia anali atatukula kale phazi pamene mlongo wake Dorina anamukoka jekete.

"Musapondepo, achimwene. Yendani pathabwapo."

Horia anali atangofika kuchokera ku Torino, mzinda wa kudziko lina kumene amakhala, tsiku lathunthu ali pachiwongolero, ndipo bambo ake, a Sabin, anali m'bokosi m'chipinda chochezera. Pakati pa iye ndi bambo akewo panali kamtsetse ka konkire kofunditsidwa masaka onyowa, kochokera pakhomo kukafika pageti. Pambali pake panali thabwa limodzi lopanikizana ndi khoma. Ife anansi tinali titayendapo kale chammbali ngati nkhanu, makandulo ali m'manja. Horia anayang'ana masakawo, nayang'ana mlongo wake, kenako anakwera pathabwa.

A Sabin anathira konkireyo Lolemba m'mawa. Atamaliza anatsuka fosholo ndi wilibala, nakhala pampando kuti apume pang'ono, ndipo sanadzukenso. Kamtsetseko anapangira akazi awo, a Veturia, amene chithyokere chiuno zaka ziwiri zapitazo sanatulukepo m'nyumba popanda kunyamulidwa. Masitepe analipo anayi okha, koma mpando wa mateyala sutsika masitepe. Horia anakhala akunena kuti mayi ake asamukire kwa iye ku Torino. A Veturia ankakana, a Sabin n'kuwalonjeza kuti adzazitulukira okha kupita kusitolo ndi kutchalitchi. Tsono mwini lonjezo atapita, chimene chikanawasiya mayiwo m'nyumba yawo chinali kamtsetse komweko.

Vuto linali simenti yake. Kuseri kwa nyumba zathu kuli phiri lotuwa la zinyalala zochokera m'ng'anjo za chitsulo, zimene makolo athu anataya kwa zaka zosawerengeka. Kukachita mphepo, fumbi lake limatera pa zovala zoyanika. A Sabin anagwira ntchito zaka makumi atatu kufakitale ya simenti kutsidya kwa mtsinje, ndipo nyimbo yawo inali imodzi: perani zinyalalazi, musakanize mu simenti, miyala imene amawotcha popanga simenti ichepe, utsi uchepe, nalo phiri litsike. Masiku ano malole amatutadi phirilo, koma mukanawamva a Sabin akufotokoza mukanayesa kuti nzeruyo anaitola okha m'munda mwawo. Tinkawatchula Sabin Wazinyalala, iwo n'kumayankha mosangalala. Simenti yapakhomo pawo ankasakaniza okha, zinyalala zambiri kuposa aliyense. Yotereyi imalimba mochedwa, makamaka m'kuzizira kwa Novembala. Imafuna masiku asanu ndi awiri ikuthiriridwa madzi, popanda phazi lopondapo. Ikalimba, ankatero iwo, imaika m'manda zidzukulu zako iyo ikadali chilimbire.

Koma kwathu kuno maliro timaika tsiku lachitatu, ndipo womwalira amatulukira pakhomo, miyendo patsogolo. Bokosi lopanda kanthu tinalilowetsa pawindo, palibe anadandaula, popeza anali matabwa chabe. Thabwa lapakhoma lija likanatha kupitapo munthu mmodzi, osati amuna asanu ndi mmodzi onyamula maliro.

Lachiwiri masana, ali m'khitchini kuphika tirigu amene kwathu kuno timagawa pamaliro, Dorina ananena zimene aliyense ankaopa kunena, kuti bokosilo litulukire momwe linalowera.

"Bambo anga atulukire pawindo ngati wakuba?" anafunsa Horia.

"Nanga mayi azitulukira pati masiku awo onse otsala?"

"Simenti ya m'sitolo bwenzi itauma kale. Munthu amangogula thumba n'kuthira, basi. Koma ayi, mpaka zinyalala zawo zija. Ndakulira m'nyumba muno ndikumva za phiri limeneli kuposa za ine mwana wawo."

Dorina anavala chikhoto napita kwa wansembe kukapempha kuti maliro adikire mpaka Lolemba, tsiku loti konkire ikhala italimba. Wansembe anamumvera chisoni, koma anati thupi silingakhale m'nyumba sabata yathunthu, ndipo manda anali atakumbidwa kale. Za windo anati sakhulupirira kuti Mulungu angakhumudwe nazo, koma si iye amene akauze zimenezo alongo awo a Sabin. Alongowo atamva analira mokweza kuposa m'mene analirira pofika, ndipo wamkuluyo analumbira kuti akagona pawindopo ndi thupi lake.

Pomaliza anakafunsa a Veturia, amene anali pampando wawo pafupi ndi bokosi, akukonzakonza kolala ya amuna awo. Anamvetsera zonse, nayang'ana ana awo mmodzimmodzi.

"Ine ndiziti chiyani? Akanakhalapo bwenzi atatiuza zochita."

Lachitatu m'mawa tinayesa nzeru zathu. Tinasanja njerwa mbali iyi ndi iyo, n'kuyalapo matabwa amene tinapempha pakhomo ndi pakhomo. Onyamula tinalipo asanu ndi mmodzi, ine ndili kumutu. A Sabin anali munthu wathupi, ndipo matabwawo anali atanyowa ndi mame ozizira. Titafika pakatikati thabwa limodzi linathawa panjerwa, bokosi linapendama, ndipo pofuna kuti maliro asagwe pansi, munthu wina anaponda pakonkire ndi mphamvu zake zonse, enanso n'kutsatira. Sindinena kuti phazi loyambalo linali la yani. Tonse tinamva kamtsetseko kakulira pansi pa masaka, ndipo tinapitirira, chifukwa maliro sabwerera m'mbuyo. Pambuyo pathu anyamata awiri ananyamula a Veturia ndi mpando wawo womwe, nadutsa pomwepo.

Lachinayi, anthu atabalalika, Dorina anavundukula masaka. Mng'alu unadutsa kuchokera mbali ina kukafika ina, ndipo pakati panali pataphwanyika n'kutitimira, poti teyala la mpando silingadutsepo. Konkire yonseyo inali yobiriwira modera, ngati madzi a padziwe.

"Onani, yawola kale," anatero Horia.

A Veturia, amene ankaonerera ali pakhomo, anaseka. Kanali koyamba chiyambire Lolemba.

"Sinawole, mwanawe. Ndi mtundu wake umenewo. Ikapuma mphepo imayera. Bambo ako ankandiitana kuti ndidzaone nthawi zonse, ngati ndi mwana wabadwa."

Horia anandikokera pambali n'kundifunsa ngati zingakonzeke. Ndinamuuza zoona: n'zofunika kuswa pakati ponsepo n'kuthiranso, koma chisanu chinali chitayamba, ndipo palibe angathire konkire mpaka Malichi. Dorina amagwira ntchito kuchipatala ku Timișoara, amakhala m'kachipinda kamodzi pamwamba pa masitepe makumi anayi. Ine ndi msana wangawu sindinganyamule munthu tsiku ndi tsiku. Tinazungulirazungulira nkhaniyo, koma inkatifikitsa pamalo amodzimodzi. Musamuyese wouma mtima Horia. Anakhala pa wilibala ya bambo ake n'kulira ngati mwana, kenako analowa m'nyumba kukauza mayi ake kuti anyamuka Lachisanu. A Veturia sanatsutse. Anangofunsa ngati ku Torino amalola munthu kutenga mapilo ake.

Saka lomaliza, la pafupi ndi geti, Dorina analivundukula akusesa. Pakona, pamene palibe anapondapo, panali zolembedwa ndi msomali konkire ili yaiwisi: "Veta, Lolemba." Pambali pake panali kamuvi koloza kumsewu. Veta ndi momwe a Sabin okha ankawatchulira akazi awo. Dorina anasiya tsache nakawawerengera mayi ake. Iwo anangogwedeza mutu, nati abwezerepo masaka onse, kukuzizira.

Lachisanu m'mawa masutikesi anali kale m'galimoto. A Veturia anapempha chitini cha madzi, ndipo ali pampando wawo pakhomo anathirira masaka mpaka pomwe dzanja lawo linafika. Chitinicho anandipatsa ine.

"A Nicodim, kwatsala masiku atatu. M'mawa ndi masana, osati madzi ozizira kwambiri."

Ndinafuna kuwafunsa kuti tikuthirira chiyani poti konkireyo yasweka kale. Koma ndinangolandira.

Horia anawanyamula mayi ake m'manja, Dorina atatsogola ndi mpando. Pakhomopo anaima. Njira yaifupi inali yoonekeratu, ndipo panalibenso choti n'kuononga. Mayi ake anangomukoloweka manja m'khosi. Horia anatembenuka, natsamiritsa msana kukhoma, n'kuyamba kuyenda chammbali pathabwa, pang'onopang'ono, mpaka pageti.