Manda a Mwendo wa Lufeyo

Ezeleti analota ali ku ntchito, dzuwa lili paliwombo, akutsegula ng'anjo ya mu labotale monga mwa masiku onse. M'ng'anjomo ankawotchamo timiyala toyera ta ufa wa kashiamu ndi fosifeti, zinthu zomwe zimalimbitsa mafupa athuwa. Timiyalato tinkatuluka tili ndi timabowo ngati chisa cha njuchi, kuti tikaikidwa pomwe fupa laphwanyika, fupa latsopano lizimera m'timabowomo. Anali atatiyesa pa makina opanikiza, m'madzi amchere onga magazi, ndi m'miyendo ya nkhosa. Pa munthu anali asanafikepo.

Atatsegula sanapezemo moto. Anapezamo manda a kwawo ku Bembeke, msitu wonse ndi mitengo yake ya masuku, ndipo m'kanjira munkabwera adzukulu, anthu okumba manda aja, makasu ali paphewa. Anatuluka m'ng'anjomo mmodzimmodzi, opanda ndi odi yemwe, n'kudetsa simenti yonse ndi matope ofiira. Patsogolo panali mkulu wawo, a Thombozi, amene anamwalira Ezeleti ali ku sekondale. Imfa inali isanawaphunzitse ulemu ngakhale pang'ono. Nkhope inali yokwinya yomwe ija.

"Takumba," anatero a Thombozi. "Tipatseni mwendo."

Ezeleti anaudziwa mwendo womwe ankanena. Mlongo wake Lufeyo anagundidwa ndi lole, fupa la kumunsi kwa bondo linanyenyeka, ndipo madokotala anali atanena kuti palibe kuchitira mwina, audula. Atacheuka anaona bedi la Lufeyo lili pakati pa matebulo a mu labotale, mwini wake atakhala tsonga.

"Mwendowo sunafe," anatero Ezeleti. "Bwererani."

"Dzenje likakumbidwa sitikwirira lopanda kanthu. Kodi sukulu inakuiwalitsani?"

"Ikanimoni thunthu la nthochi."

Adzukulu onse anaseka, kuseka kwachipongwe kosafika m'maso. A Thombozi okha ndi amene sanaseke.

"Nthochi timaikira munthu amene anapita ndi madzi, osapezeka. Mwendowu tikuuona. Inu ndi amene mwaukhalira."

Ezeleti anayang'ana mlongo wake poyesa kuti amuikira kumbuyo. Analemba m'madzi. Lufeyo ankamuyang'ana ngati wakuba wogwidwa pamsika.

"Achemwali, apatseni basi," anatero Lufeyo. "Apo ayi, ndiikeni mwala wanuwo. Nkhosa mwazidzutsa, zikudumphadumpha kuseriko. Ine ndachepa kuposa nkhosa?"

Mawuwo anamulasa mtima Ezeleti, chifukwa funso lomwelo ankadzifunsa yekha chichitikire ngoziyo, ndipo yankho lake ankadana nalo. Anatambasula dzanja n'kutola kamwala kamodzi pa thireyi. Kamwalako kanayankhula ndi mawu ozizira, a munthu wokana kutumidwa.

"Musatipereke, mayi. Nkhosa tikuidziwa. Munthu sitimudziwa."

A Thombozi anamulanda kamwalako, n'kukanunkhiza, n'kukaluma, n'kulavula.

"Ili ndi phale," anatero. "Ife tikamakumba timapeza mapale a miphika ya anthu amene mafupa awo anatha kalekale. Dothi limadya mnofu, limadya fupa, koma phale limalavula. Mukufuna mlongo wanu akadzagona kwathu, tidzamudziwire phale?"

"Silikhalitsa m'thupi. Magazi amalisungunula pang'onopang'ono, fupa la mwini n'kulowa m'malo mwake."

"Munaziona?"

"Pa nkhosa."

"Tafunsa pa munthu."

Ezeleti anayang'ana timiyala take pa thireyi. Bodza ankalidziwa kunena ngati wina aliyense, koma osati pa zimenezi.

Pamenepo adzukulu anaika makasu pansi n'kupita pa makina opanikiza. Ankawadziwa makinawo ngati anabadwira pomwepo. Ankatenga timiyala kamodzikamodzi, n'kukafinya mpaka phwa! Kakaphwanyika ankaimba mluzu n'kumuponyera ufawo kumapazi. Ntchito yomwe Ezeleti anaithera maso ndi msana inkasanduka fumbi akuona, ndipo iye anafuna kuwaletsa, koma miyendo inakana kusuntha. Pomaliza panatsala mwala umodzi, wautali ngati chitsononkho.

Nthawi yonseyi dzenje lija linali litatuluka m'ng'anjo. Linali laling'ono, lotalika ngati mkono, ndipo linkayenda pa simenti mosathamanga, kulunjika ku bedi la Lufeyo. Linadutsa pansi pa tebulo, mabotolo awiri n'kugweramo osamveka kufika pansi. Lufeyo ataliona anasiya mwano. Anakokera bulangeti pachifuwa, ndipo Ezeleti anaona kuti mlongo wake akuchita mantha.

"Liimitseni," anatero Ezeleti. "Chonde, agogo."

"Ine si agogo anu. Dzenjeli likufuna fupa. Mwala wanuwo ukufuna munthu. Zonse ziwiri muli nazo."

Ezeleti anamva. Anakwera pa tebulo n'kupinda chovala chake choyera mpaka m'maondo. A Thombozi analavulira m'manja, anagwira mwendo wake wamanzere kumunsi kwa bondo, n'kuzula fupa monga azulira chinangwa mvula itagwa. Magazi sanatuluke. Fupalo analiponya m'dzenje, ndipo dzenjelo linaima pafupi ndi mwendo wa bedi, koma silinatseke pakamwa.

Ezeleti anatenga yekha mwala wotsala uja n'kuulowetsa pomwe panali fupa. Unali wofunda. Khungu linabwerera pamwamba pake bwinobwino.

"Tinakuuzani kuti sitikudziwani," unatero mwalawo uli m'kati.

"Mundidziwa tsopano," anatero Ezeleti.

A Thombozi anajambula mzere pa simenti ndi mpini wa khasu.

"Yambirani apa. Mukafika pa bedi n'kumugwira dzanja, mwendo ndi wake, ife tizipita. Mukagwa panjira, titenga miyendo iwiri, wanu ndi wake."

Ezeleti anatsika. Anaponda ndi wamanja, kenako ndi wamanzere, ndipo unapirira. Adzukulu anaima mbali zonse ziwiri ngati podutsa maliro, akumutukwana motsitsa mawu. Wina ankati wophunzira uyu agwa chafufumimba, wina ankati nsapato zake nditenga ndine. Bedi linali pafupi, koma akaponda, simenti inkatalika, ndipo pakati pa iye ndi mlongo wake panayamba kumera udzu wa kumanda.

Ali pakati, mwendo unalira. Kanali kaphokoso kakang'ono, the-the-the, ngati nyemba zouma zikuthetheka padzuwa. Ezeleti anakadziwa kaphokosoko kuposa aliyense m'chipindamo: mwala unkayamba kung'aluka. Akanaima pomwepo, mwina ukanapirira. Koma dzenje linali litayambanso kusuntha, ndipo Lufeyo, amene chiyambire anali asanamuyankhule mwaulemu, anatambasula dzanja akulira ngati mwana.

"Bwerani, achemwali. Ndinayankhula moipa. Bwerani."

Anaponda. Anapondanso. Mwendo unkapinda pomwe palibe bondo. Anadziponya kutsogolo, zala zake zikufunafuna zala za Lufeyo, ndipo dzanja linamugwira mwamphamvu paphewa n'kumugwedeza.

Linali dzanja la malume ake, a Bisalomu. Ezeleti anali atagona pansi m'wodi ya chipatala, pambali pa bedi, pomwe odikirira odwala amayala. Dzuwa linali litalowa pa zenera mpaka pa mapazi ake. Pa bedi panalibe munthu.

"Lufeyo amutenga uli m'tulo," anatero malumewo, osamuyang'ana kumaso. "Iye mwini anati tisakudzutse. Adokotala atuluka posachedwapa, akuti zatheka, mlongo wako ali moyo. Tsopano akufuna nsalu yoti tikulungire mwendo audulawo, kumudzi adzukulu akudikira."

Ezeleti anamasula chitenje chake n'kuwapatsa. Kenako anagwira chitsulo cha bedi kuti adzuke, akuyembekeza kugwa, akufuna kugwa. Miyendo yonse iwiri inamunyamula popanda vuto lililonse.