Belu Lolira Ngati Chitini

Kuntchito ankamutcha Kadzidzi, chifukwa ankatha kukhala pampando wake wapakona maola atatu osasuntha, khosi lokha likutembenuka. Ntchito yake inali yomweyo, kuyang'anira anthu obwera kudzaona magalimoto akale mu myuziyamu, kuti wina asalumphe chingwe kapena kupisa dzanja posayenera. Nyumbayo kale inali depoti ya mabasi. Tsopano munali magalimoto oposa makumi awiri, mathirakitala atatu, ndi injini ya chigayo ya gudumu lalitali kuposa munthu, imene ankailiza Loweruka lokha kuti alendo amve chimene chinagonthetsa agogo awo. Pansi pa galimoto iliyonse panali thireyi yolandira oilo wodontha.

Ntchitoyo anamupezera ndi alamu ake, amuna a achemwali ake, amene anali makaniko wa pamalopo. Pa zaka zisanu ndi chimodzi Kadzidzi anali atagwirapo ana ofuna kuimba hutala, komanso mayi wina amene anakwera thirakitala kuti ajambulidwe. Wakuba anali asanamugwirepo, ndipo mumtima ankamulakalaka.

Kenaka kunayamba kubwera bambo wina wachikulire wa chipewa chotuwa. Ankafika Lachiwiri lililonse m'mawa, anthu asanachuluke. Magalimoto onyezimira a mabwana akale, amene aliyense ankathamangira, iye ankangowadutsa. Ankalunjika kumapeto kwa holo, pa galimoto yofiira yozimitsa moto, ya belu la mkuwa ndi nyali ziwiri zikuluzikulu. Ankaizungulira pang'onopang'ono, kugwada, kusuzumira kunsi, kenaka kulemba m'kabuku. Lachiwiri lachitatu Kadzidzi anaona dzanja la bamboyo likutuluka m'thumba, kukhudza nyali, n'kubwereranso m'thumba mwachangu.

Masana analowa m'galaja ya kuseri. Alamu ake anali kunsi kwa basi yakale, miyendo yokha ikuoneka.

"Alamu, kuli mdala wina akundikayikitsa."

"Wakufunsira? Lola, mlamu, zaka zikupita."

"Musayambe zanuzo. Akumazungulira ya moto ija, akulemba zinthu m'kabuku."

Sipanala inasiya kulira. Alamuwo anatuluka kunsi kwa basi, akupukuta manja ndi kasanza.

"Akulemba chiyani?"

"Ndidziwa bwanji? Lero wakhudza nyali."

"Nanga belu? Belu walikhudza?"

"Sindinaone."

"Amenewo ndi akuba," anatero makanikoyo. "Amatsogoza nkhalamba kudzaona malo, podziwa kuti imvi sitizikayikira. Usalankhule naye. Ukawauze apageti asadzamulowetsenso."

Kadzidzi anavomera, koma kugeti sanapiteko. Zaka zonsezi kudikira wakuba, ndiye amupereke kwa apageti? Ankafuna kumugwira yekha, ali mkati mochita.

Lachiwiri lotsatira anasiya mpando wake n'kubisala kuseri kwa lole yamatabwa. Bambo wachipewa anabwera nthawi yake yomwe ija. Anacheuka uku ndi uku, n'kudutsitsa mwendo pachingwe movutikira, bondo likulira. Anatulutsa kiyi wa kunyumba n'kumenya belu. Asanabweze dzanja lina m'thumba, Kadzidzi anali ataligwira kale pamkono.

"Bambo, tsegulani dzanjali."

Bamboyo sanalimbane. M'dzanja munali kachitsulo kakuda kozungulira, maginito ochotsa m'sipika ya wailesi.

"Mwamva mmene lalirira?" anafunsa bamboyo.

"Ine ndamva kuti mwalumpha chingwe."

"Khwe! Ngati chitini cha penti. Mayi, galimoto iyi ndaiyendetsa zaka khumi ndi zinayi. Belu lake likalira, agalu a mbali ina ya tauni ankayankha." Anagunditsa maginitowo pa belu, n'kuchotsa dzanja. Anakakamira pomwepo. "Mkuwa sugwira maginito. Ichi ndi chitsulo wamba chopaka utoto."

Anawaika pa nyali ya kumanzere, anakakamiranso. Pa ya kumanja anagwa pansi. Bamboyo anatsegula kabuku kake n'kuloza ndi chala. Mwezi wapitawo nyali zonse ziwiri zinali zenizeni.

"Ngati ndi choncho, bwanji osakauza abwana?" anafunsa Kadzidzi.

"Ndimafuna ndidziwe kaye kuti mumatulutsira khomo liti."

"Ndani? Ine?"

"Nanga wokhala muno tsiku lonse ndani? Chiyambire kubwera, mumandiyang'ana ngati ndadzakulandani chakudya pakamwa. Munthu wosalakwa sayang'ana mnzake choncho."

Kadzidzi anafuna kumuuza kuti kuyang'ana choncho ndiye ntchito imene amadyera. M'malo mwake anatola maginito aja n'kunena kuti wawalanda, popeza lamulo sililola. Bamboyo anangokweza chipewa pang'ono n'kumapita.

Holo itatsala yopanda munthu, Kadzidzi anayendera galimoto imodziimodzi, maginito atawabisa m'manja. Anakakamira pa hutala ya galimoto yakuda ya pakhomo. Anakakamira pa chotsekera radiyeta cha lole yamatabwa, ndi pa kapaipi ka injini ya chigayo kamene iye mwini ankauza alendo monyadira kuti ndi ka mkuwa weniweni. Anabwerera pampando.

Anayesa kuganiza kuti mdalayo ndiye kathyali, wasintha yekha zinthuzo kuti anamizire ena. Koma belu lolemera ngati mwana wa zaka zitatu akanalitulutsa bwanji, munthu wolephera kudutsa chingwe? Lolemba myuziyamu inkakhala yotseka, ndipo wolowa m'holo tsiku limenelo anali mmodzi, makaniko wodzathira oilo ndi kupopa matayala. Kenaka anakumbukira za m'galaja muja. Iye anatchula nyali yokha. Za belu anayambitsa ndi alamu ake.

Lamulungu masana anapita kwa achemwali ake. Anawapeza akuyanika zovala, amuna awo atachoka. Atacheza za ana, Kadzidzi ananena kuti akufuna kubwereka pampu ya njinga, n'kuzungulira kuseri kwa nyumba. Kanyumba ka zipangizo, kamene kale kankatsekedwa ndi waya, kanali ndi loko watsopano. Pa simenti ya pakhomo panali madontho a utoto wagolide.

"Wataya chiyani kumeneko?"

Achemwali ake anali ataima kumbuyo kwake, beseni lili m'chiuno.

"Utoto uwu ngwachiyani, achemwali?"

"Ngwa geti."

Onse awiri anayang'ana geti. Linali lobiriwira, ndipo dzimbiri linali litadya m'munsi mwake.

"Tamvera iwe," anatero achemwaliwo, mawu atatsitsa. "Mwamuna wako atakusiya ndi ana awiri ndi matiresi imodzi, anakuthamangira ndani? Maso akowo uzikagwiritsa ntchito kumene amakulipira. Kuno ndi kwanga."

Kadzidzi anabwerera wopanda pampu. Chimene chinamupweteka kwambiri sichinali utoto, koma kuti achemwali ake sanafunse n'komwe kuti watani utotowo.

Anaganiza zongokhala chete. Mkuwa si m'bale wake, ndipo alendo ankajambula belu lachitsulo mosangalala ngati kale. Koma Lolemba madzulo alamu ake anamuimbira foni, mawu ali okoma ngati uchi.

"Mlamu, nkhani ija ndaikonza. Ndawauza abwana kuti zinthu zina zasowa, ndipo tikukayikira mdala wachipewa. Akabwera mawa, apolisi amutenga. Iwe udzangonena zimene unaona, kuti amagwiragwira. Si bodza, eti?"

"Si bodza," anayankha Kadzidzi.

M'mawa mwake sanapite pampando. Anakwera masitepe mpaka ku ofesi ya abwana, bambo wonenepa wokonda kutafuna chotokosera mano. Anafotokoza zonse, kuyambira kabuku mpaka za wolowa m'holo Lolemba, koma za utoto ndi achemwali ake anazimeza. Abwanawo anatsika naye, n'kuika okha maginito pa belu. Atakakamira, sanadzidzimuke, sanatukwane, sanafunse kuti zasowa zingati. Anabwerera naye mu ofesi n'kutseka chitseko.

"Wauzanso ndani?"

Kadzidzi anayang'ana nkhope ya abwanawo, koma munalibe chowerenga.

"Ine palibe, bwana. Koma mdala uja zonse analemba, masiku omwe. Ndipo mwana wake ndi mtolankhani."

Kadzidzi sankadziwa n'komwe ngati bamboyo anabereka. Chotokosera mano chinaima pakamwa pa abwana.

"Chabwino," anatero abwanawo. "Zapolisi tizisiye. Ndi nkhani ya m'nyumba."

Bambo wachipewa anabwera tsiku lomwelo, palibe anamugwira. Patatha sabata ziwiri belu lenileni linapezeka lili pamalo pake, popanda wonena kumene linachokera. Bamboyo atalimenya ndi kiyi wake, holo yonse inanjenjemera, njiwa za kudenga zinathawa, ndipo Kadzidzi anayang'ana kumbali ngati sanaone munthu akulumpha chingwe. Nyali ya kumanzere, hutala ndi zina zija sizinabwerenso. Bamboyo sanapepese. Anangomuuza kuti, "Tiona mwezi wamawa," akulemba m'kabuku.

Kenaka kunatuluka kalata ziwiri. Yoyamba inati makaniko akupuma pantchito chifukwa cha msana. Yachiwiri inati Kadzidzi wakwezedwa, akhala mkulu wa pageti, woyang'ana zikwama za aliyense wotuluka. Anzake anamuyamikira. Iye anaona kuti kuchokera pageti, m'holo simuoneka. Achemwali ake anasiya kuyankha foni.

Tsiku lawo lomaliza pantchito, alamu ake anafika pageti atanyamula bokosi la zipangizo. Analiika patebulo n'kulitsegula okha asanauzidwe. Munali masipanala, hamala ndi kasanza kamafuta. Kadzidzi anatulutsa chimodzichimodzi mpaka pansi.

"Wakhuta?" anafunsa alamuwo.

"Ndi ntchito, alamu."

"Ndikuidziwa. Ndinakupezera ndine." Anatseka bokosi, n'kuwerama pafupi ndi khutu lake. "Ukuganiza kuti belu lija ndinkalinyamula pamutu? Ine galimoto ndilibe, mlamu."

Anatuluka osacheuka. Kadzidzi anatsala akusinkhasinkha. Mwina ankanena zoona. Mwina ankangofuna kuti pogwa agwe ndi wina, kapena kuti iyeyo akadzipalire moto yekha.

Faifi koloko galimoto ya abwana inafika pageti n'kuimba hutala kawiri monga mwa masiku onse. Kadzidzi sanakweze mtengo wotchinga. Anapita pawindo.

"Mutsegule kumbuyo, bwana."

"Wati chiyani?"

"Kalata yanu inati aliyense."

Abwanawo anaseka pang'ono n'kukoka kachitsulo ka pansi pa mpando. Buti inatseguka. Munali ambulera, jeke ndi nsapato zamatope. Kadzidzi anatseka n'kukweza mtengo.

"Mawa tidzakambirana," anatero abwanawo, galasi likukwera.

Galimoto italowa mumsewu, m'pamene anakumbukira kuti pansi pa kapeti, pogona tayala lapadera, sanasuzumirepo.