Pulagi Yoyera ya Chimphepo

Njinga yamoto ya Chimphepo inayamba kutentha modabwitsa patangopita masiku atatu chiikireni ekizozi yatsopano yotulutsira utsi. Yakale ija, yolira mwaulemu, anaichotsa n'kuikapo chimpope chachifupi chopanda kanthu m'kati, chimene mnzake wowotcherera zitsulo anamupangira. Bokosi la sefa ya mpweya analichotsanso, n'kumangapo kasefa kakang'ono koonekera panja. Akamadutsa, agalu ankauwa, ana n'kumatseka m'makutu.

Pamalo podikirira makasitomala, oyendetsa njinga anzake ankamutamanda kwambiri. Akasiya mafuta potsetsereka, njingayo inkaphulika kuti pha! pha! pha! ndipo onse ankati imeneyo ndiye mphamvu. Koma Chimphepo yekha ankadziwa kuti injini ikumuwotcha mwendo, ndiponso kuti pokwera chitunda cha kusukulu inkachita befu. Njinga imeneyi ndi imene inkadyetsa mkazi wake ndi ana awiri. Ina analibe.

Mlamu wake, mkazi wa mkulu wake, anali makaniko wodziwa ntchito, ndipo anali ndi galaja kuseri kwa msika. Tsiku lina m'mawa Chimphepo anapita kumeneko limodzi ndi wowotcherera uja.

"Alamu, ndakumvani mudakali kutsidya kwa msika," anatero makaniko akupukuta m'manja. "Mwagula ndege kodi?"

"Ndege yake ndi imeneyi, alamu. Ingondipotozerani kasikuluwu ka pakabuleta, ikutsokomola pang'ono."

Makaniko sanagwire kasikuluwuko. Anadikira kuti injini izizire, kenako anamasula pulagi yoyatsira moto m'injinimo n'kuiika m'manja mwa Chimphepo. Nsonga yake inali yoyera ngati choko.

"Injini imadya zinthu ziwiri, mpweya ndi petulo, ndipo ziyenera kusakanizika pa mlingo wake," anafotokoza motero. "Inu mwatsegula khomo lakutsogolo ndi lakumbuyo. Mpweya ukulowa wambiri, koma petulo akudutsabe pakabowo kakale komwe kaja. Moto wotere umatentha mopitirira muyezo. Kuphulika mukunyadirako si mphamvu ayi, alamu. Njingayi ikulira njala."

Anatsegula kabokosi komwe munali tizitsulo tachikasu, tating'ono ngati nyemba, tobooka pakati. Anati timeneti ndi majeti, modutsa petulo m'kabuleta, ndipo kalikonse kanali ndi nambala yosonyeza kukula kwa bowo lake. Njinga ya Chimphepo inkafunika jeti yokulirapo.

"Bowo lalikulu ndiye kuti petulo wambiri," anatero Chimphepo. "Mukufuna ndizigwirira ntchito eni pampu ya mafuta?"

Wowotcherera anaseka. "Mayi, zanuzo n'za m'mabuku. Ikavuta, ine ndimangolowetsa waya wa buleki pabowopo n'kupukusa pang'ono. Basi, yatheka."

"Waya ali ndi nambala, bambo?" anafunsa makaniko. "Mukakuza mopitirira, mungalibweze bwanji bowolo?" Kenako anatembenukira kwa mlamu wake. "Kasikuluwu mukunenako kamathandiza njinga ikamalira itaima. Pachitunda kalibe ntchito. Sindikagwira. Mubwezeretse zakale zija, apo ayi tisinthe jeti. Njira yachitatu pagalaja pano palibe."

"Ndikawauza achimwene kuti mwandikaniza thandizo."

"Kawauzeni. Iwowo amasoka nsapato, ine ndimakonza injini. Akakuuzani za sole."

Chimphepo anabwezeretsa yekha pulagi, analiza njinga mwadala kuti galaja yonse igwedezeke, n'kuchoka.

Patapita masiku awiri, dzuwa lili paliwombo, ananyamula aphunzitsi ena amene ankawatenga tsiku ndi tsiku. Anali ndi mulu wa makope a ana pamiyendo. Atafika pakati pa chitunda cha kusukulu, m'injini munayamba kumveka ngati timiyala tikugubuduka m'chitini. M'malo moima, Chimphepo anawonjezera mafuta. Mwadzidzidzi injini inagwira, tayala lakumbuyo linauma gwa, ndipo onse awiri anakagwera m'mbali mwa msewu.

Aphunzitsi anasupuka chigongono, makope ali mbwee m'fumbi. Anadzuka, anatola makope awo limodzilimodzi osafuna kuthandizidwa.

"Bambo, ndakhala ndikupirira phokoso lanuli sabata yathunthu," anatero. "Koma moyo ndili nawo umodzi. Mawa musabwere kudzanditenga."

Chimphepo anakankha njingayo ulendo wonse wobwerera. Podutsa pamalo odikirira makasitomala, omwe ankamutamanda aja ndi amene anayamba kuseka. "Ndege yatera!" anakuwa wina.

Chimphepo anakafika nayo kugalaja ya mlamu wake. Makaniko anamasula mutu wa injini, natulutsa pisitoni. Pamwamba pake panali bowo loti chala n'kulowa. Chitsulo chinali chitasungunuka.

"Pisitoni ina ndili nayo," anatero. "Koma sindiika kuti mukaiwotchenso Lachisanu."

Chimphepo anatola pisitoni yobookayo n'kuiika m'thumba. "Ekizoziyo ndikuifunabe, alamu. Anthu amenewa asanene kuti andigonjetsa."

"Isungeni, bola tiikemo kachitsulo kochepetsa phokoso, anthu azikwera mwamtendere. Kusintha njinga si tchimo. Tchimo ndi kusintha theka n'kusiya theka."

Ataika pisitoni yatsopano, makaniko anayamba ndi jeti yaikulu ndithu. Anati kuli bwino petulo achuluke kusiyana n'kuti achepe, chifukwa wochuluka amangodetsa pulagi pomwe wochepa amapha injini. Anamuuza kuti aiyendetse mofatsa kwa masiku angapo kuti pisitoni izolowere. Chimphepo anamvera, ngakhale kuti anzake ankamupitirira akumuimbira belu.

Tsiku loyesa litafika, anapita onse kuchitunda chomwe chija. Makaniko anaika pulagi yatsopano, namuuza kuti akwere atatsegula mafuta onse, ndipo akafika pamwamba agwire kilatchi n'kuzimitsa injini nthawi yomweyo. Ulendo woyamba pulagi inatuluka yakuda bii ndi mwaye. Petulo anali wochuluka. Anatsitsa jeti ndi nambala imodzi.

"Bwanji osasinthiratu ndi singano ya m'kabuleta yomwe?" anafunsa Chimphepo thukuta lili kamukamu.

"Chimodzi pa nthawi imodzi. Mukasintha ziwiri, simungadziwe chimene chathandiza."

Anakwera chitundacho kanayi. Ulendo wachitatu pulagi inatuluka yofiirira ngati tiyi wamkaka. Ulendo wachinayi makaniko anakweza singano, yomwe imawongolera petulo pa liwiro lapakati, ndi mzere umodzi, ndipo kutsokomola kwa pakatikati kunatheratu. Njingayo inakwera osachita befu, inatsika osaphulika, mwendo wa Chimphepo osapsa.

M'mawa mwake atafika pamalo odikirira makasitomala, anapeza wowotcherera atakhala pa benchi, atamasula kabuleta ya mnzawo wina wotchedwa Wamtali. Nayenso anali atamuikira chimpope. Waya anali kale m'manja.

"Siyani zimenezo," anatero Chimphepo.

"Eee, wabwera mwana wasukulu wa alamu ake!" anatero wowotcherera, ndipo ena anaseka. "Mwamuna wamkuluwe, kuphunzitsidwa njinga ndi mzimayi?"

"Ee, wandiphunzitsa, ndipo ndakhoza." Chimphepo anatulutsa pisitoni yobooka ija m'thumba, anaivala pachala ngati mphete, n'kuikweza m'mwamba. "Iyi ndi satifiketi ya sukulu yanu, aphunzitsi a waya. Munandiombera m'manja nonsenu, koma pokankha ndinali ndekha. Ngati ndikunama, aliyense amene ali ndi chimpope amasule pulagi yake pompano tione."

Wowotcherera anati pulagi ilibe pakamwa, koma palibe amene anaseka. Wamtali anabwereka sipanala, anagwada, namasula pulagi ya njinga yake. Anaiyang'ana nthawi yaitali. Inali yoyera mbuu.

Analanda kabuleta yake m'manja mwa wowotcherera, anaikulunga m'nsanza, n'kuiika m'thumba la jekete.

"Alamu akowo amatsegula nthawi yanji?" anafunsa.

"Atsegula kale," anayankha Chimphepo. "Koma ukalowe mwaulemu. Ine ndinalowa ndi matama, ndinabwererako ndikukankha."

Phunziro: Mukasintha ekizozi kapena sefa ya mpweya pa njinga yamoto, kabuleta nayo iyenera kukonzedwa kuti petulo alingane ndi mpweya. Pulagi yoyera ikusonyeza kuti petulo akuchepa ndipo injini ikupsa, yakuda ndi mwaye ikusonyeza kuti wachuluka, yofiirira ndiye mlingo wake. Musakuze bowo la jeti ndi waya, ndipo musachite manyazi kufunsa kwa wodziwa ntchito, kaya ndi bambo kaya ndi mayi. Anzanu akhoza kukusekani tsiku limodzi, koma njinga yanu ndi imene imadyetsa banja lanu.