Nyenyezi Imodzi, Eni Ake Awiri

Mwamuna wa telala pomufunsira analibe ngakhale njinga, ndiye anangomupatsa nyenyezi. "Yowala ija imatuluka dzuwa likangolowa ndi yako," anatero. Mayi wa anthu anaisunga mumtima zaka makumi awiri, osauza munthu.

Tsiku lina masana telala akusoka diresi, mng'ono wake akusita pambali, mwana wamkazi wa telalayo ankawerenga za mayeso mokweza.

"Amayi, mwamva? Ija timati nyenyezi ya madzulo si nyenyezi ayi, ndi pulaneti, dziko lozungulira dzuwa ngati lathuli. Miyezi ina imaoneka madzulo, miyezi ina m'mawa, koma ndi imodzi yomweyo."

"Bodza!" anatero mng'ono uja, simbi ili m'manja. "Ya m'mawayo alamu anati ndi yanga ndekha."

Anadzigwira pakamwa, koma mawu anali atatuluka kale. Makina osokera anaima. Telala anayang'anitsitsa mng'ono wakeyo, amene anamulera yekha ngati mwana wake.

"Anakupatsa liti?"

"Chaka chatha, achemwali."

"Thambo lonseli nyenyezi mbwee, munthu osasankhako ina?" anatero telala. "Ika simbiyo pansi, ukalongedze katundu wako."