Nkhoswe ya Mawaya M'kamwa

Ku Liwaladzi konse kudalibe munthu amene adamvapo a Lazaro akumaliza nkhani. Ankayamba za mtengo wa mpunga, n'kupezeka ali pa za mpira, kenako pa za ng'ona imene ankati adaithamangitsa ndi nkhafi ali mnyamata. Kukagwa maliro, anthu ankawatuma ku boma kukagula misomali ya bokosi kuti anamfedwa apumeko. Eni akewo ankazidziwa zimenezi, koma ankati ndi nsanje chabe.

Pakamwa pomwepo ndi pamene padawagwetsa. Tsiku lina akupita ku boma panjinga, thumba la mpunga lili pakaliyala, adadutsa mnzawo Maganizo, amene dzulo lake adatsutsana naye za nyambo yabwino ya kampango. Mfundo imene idawasowa dzulo idawafikira nthawi yomweyo. Adatembenuza khosi njinga ili paliwiro, n'kukuwa kuti, "Paja iwe umati chiyani dzulo?" Mbuzi idalowa mumsewu. Mawu otsalawo adakauza phula ndi chibwano.

Achipatala cha pa boma adawatumiza ku Lilongwe. Nsagwada idali itathyoka pawiri, ndipo dzino limodzi lakutsogolo lidatsala pamsewu paja. Atatsitsimuka ku opaleshoni adafuna kufunsa kuti mpunga uja adatola ndani, koma pakamwa padakana. Madokotala adali atamanga mano akumwamba ndi akumunsi pamodzi ndi mawaya, kuti gwa, ngati chitseko cha khola.

"Bambo, mukhala chonchi mwezi ndi theka," adatero dokotala. "Zakudya ndi zamadzimadzi zokha. Muziyamwa ndi kapaipi aka, polowetsa ndi pamene pachoka dzinopa. Kachitsulo aka ndi kodulira mawaya, koma pokhapokha ngati mukusanza kapena kubanika. Mukadula msanga, nsagwada ipola mokhota, ndipo muzidzatafunira kumbali mpaka kale."

"Mwezi ndi theka basi, adokotala?" adafunsa akazi awo, a Zelifa.

Basi! A Lazaro adalimva liwu limenelo. Zaka zonsezi m'nyumba imodzi, mayi akufunsa ngati pangakhale banyira.

Koma chimene chidawadya mtima sichidali chimenecho. Kunkabwera chinkhoswe cha Leah, mwana wa malemu mlongo wawo, amene adakulira pakhomo pawo. Mlongoyo ali gone pamphasa adawagwira dzanja n'kunena kuti, "Achimwene, mwanayu akadzapeza banja, nkhoswe mudzakhale inuyo." Iwo adavomera, ndipo ngakhale pamenepo adawonjezera mawu ambiri. Tsopano mnyamata adali atapezeka, Steward, wogwira ntchito kuminda ya nzimbe ku Dwangwa. Tsiku lidali litakhazikitsidwa kale, akuchimuna adakana kulisuntha, ndipo lidagwera mkati mwa mwezi ndi theka uja.

Abale inu, mawu a tsikulo a Lazaro adayamba kuwakonza chaka chatha. Mbalame zonse za m'munda wa mpunga zidali zitawamva kale, miyambi ndi pophulikira m'manja pomwe.

Akubanja atakumana adati, "Nkhoswe imalankhula, nkhoswe imadya nkhuku pamaso pa anthu. Awa achita chiti? Aime Eston." Eston, mng'ono wawo, munthu wolankhula ngati mawu amachita kugula! A Lazaro adayesa kutsutsa, koma zidangotuluka ngati njuchi yotsekeredwa m'botolo. Aliyense adagwedeza mutu mwaulemu, n'kupitiriza nkhani zake. Pomaliza adagwirizana kuti aone kaye mmene tsikulo lidzachere.

Amene ankawadyetsa adali Leah. Ankasefa phala la nsinjiro pakansalu, kusinja usipa, kukama msuzi wake, n'kukhala nawo pakhonde mpaka amalize kuyamwa. Poti pakhonde padali zii, mtsikanayo adayamba kulankhula. Poyamba a Lazaro ankangodikira mpata woti alowererepo, monga mwa chizolowezi, koma mpata ukapezeka khomo lidali lotseka. Ndiye adamva. Adamva kuti Leah amaopa apongozi ake. Adamva kuti sakumbukiranso mawu a mayi ake, amangokumbukira fungo la mafuta amene ankadzola. Adamva kuti kusukulu adasiya chifukwa sankaona bwino pabolodi, osati ulesi ayi.

Zapabolodizo zidawabaya. Mwana adakula m'nyumba mwawo, iwo akulalikira za ulesi tsiku ndi tsiku. Adadzitukwana chamumtima kuti, "Lazaro, chitsiru iwe, makutu awiriwa unkasungira chipewa?" Misozi idalengeza, Leah n'kumayesa kuti phala latentha.

Komatu galu saiwala mkute. Mmawa wa chinkhoswe, akumva amayi akuyesa nthungululu kuseri, mtima udawauza kuti nsagwada yokhota si imfa. Anthu angati amatafunira kumbali koma ali moyo? Adatenga kachitsulo kaja ndi kagalasi ka njinga, n'kukabisala kuseri kwa bafa. Adakweza mlomo, kuyang'ana waya woyambira. Adasendeza kachitsulo kaja kufupi ndi wayayo.

"Atsibweni!"

Adali Leah, nsalu yatsopano ili paphewa, kumutu atangomanga theka.

"Mukuchita chiyani?"

Adang'ung'udza m'mano kuti adalonjeza mayi ake. Pamudzi ponse Leah yekha ndiye adali ataphunzira kumva chilankhulo cha mawayacho.

"Mudalonjeza kukhala nkhoswe, simudalonjeza kulalikira," adatero. "Ndipatseni kachitsuloko. Atsibweni, ine chibadwire sindidakhalepo ndi munthu wondimvetsera ngati mwezi uno. Nkhoswe imene ndikufuna ndi imeneyo. Mukadula mawayawo, aime a Eston."

Ha! Kamwana kamene adakasenza kumka nako kusikelo, lero kuwaika pamalo chotere. Adafuna kukwiya, koma mkwiyo wopanda pakamwa supita patali. Adapereka kachitsulo kaja.

Anthu adadzaza pabwalo. Akuchimuna adapereka tambala, akuchikazi thadzi. Nthawi ya mawu itakwana, a Lazaro adaimirira pambali pa Eston, jekete likulendewera chifukwa thupi lidali litatha ndi phala. Eston adati, "Mwana wathu ndi uyu. Nkhoswe ndi achimwenewa. Mumusamale." Basi, n'kukhala pansi. Anthu adaomba m'manja kwa nthawi yaitali, ena mpaka kuimirira, ndipo a Lazaro adadziwa bwino lomwe chimene ankaombera.

Kenako idabwera nkhuku yootcha, imene nkhoswe ziwiri zimang'amba n'kudya pamaso pa anthu kuti ukwati wamangidwa. Apa ndiye padali pamlandu. Mayi ake a Steward adanong'oneza mnzawo mokweza dala kuti, "Nkhoswe ikapanda kudya, ndiye kuti pali chimene ikukana." A Lazaro adayang'ana ntchafu ya nkhuku ija ngati mphaka woyang'ana nsomba m'galasi.

A Zelifa adatulukira ndi kamtondo kosinjira tsabola. Adatenga chidutswa cha nkhuku yomweyo, kusinja pamaso pa onse, kuthira msuzi, kusefera m'kapu, n'kugwada popereka kwa amuna awo. A Lazaro adasolola kapaipi m'thumba la jekete, kulowetsa pampata wa dzino paja, n'kukoka. Kapaipi kadalira kuti fwooo! mpaka kumapeto kwa bwalo.

Kuseka kudaphulika. Nkhoswe yakuchimuna, a Talandira, mkulu wa imvi amene nthawi yonseyi ankangotembenuza nyama yake m'manja, adayasamula kuonetsa anthu nkhama zokhazokha.

"Mayi, musinjenso yangayi," adatero. "Zinkhoswe zonse ndakhala ndikumeza yosatafuna chifukwa cha manyazi. Lero ndapeza mnzanga."

Nkhoswe ziwiri zidamwa nkhuku, nthungululu zidalira, ndipo ngakhale mayi ake a Steward adabisa nkhope m'chitenje akuseka. A Lazaro nawo adaseka, m'mphuno, nsagwada ikuwawa.

Mawaya adakachotsa nthawi yake itakwana. Pakamwa pankangotseguka polowa zala ziwiri, koma lilime lidali lamoyo, ndipo Maganizo adalandira yankho lake la nyambo ya kampango lonse lathunthu, ndi chiwongoladzanja.

Mpunga utayamba kucha, Leah adatsika minibasi yochokera ku Dwangwa ali yekha, maso ofiira. Adakhala pakhonde pomwe paja.

"Atsibweni, ndabwera kwa nkhoswe yanga. Zinthu sizili bwino ndi apongozi."

Mawu a chaka chatha aja, amene mbalame zokha zidamva, adathamangira kukhosi onse pamodzi. A Lazaro adakoka mpweya, kukweza chala, pakamwa kuyamba kutseguka. Leah adangowayang'ana, ndipo nkhope yake idayamba kutsekeka ngati kale lija.

Adatsitsa chala chija. Adagwira chibwano ndi dzanja lawo lomwe, kuchikankhira m'mwamba mpaka mano adagundana, n'kuchigwira chomwecho.

Leah adaseka misozi ili m'masaya, kenako adayamba kufotokoza.